Ubongo Ndi Umodzi: Kufanana kwa Matenda Oiwalaiwala ndi Matenda a Maganizo

Amayi, tiyambe ndi mawu amene timayankhula m'midzi mwathu munthu akasintha. Mnyamata wa zaka 22 akayamba kuyankhula yekha, kuseka popanda chifukwa ndi kumva mawu a anthu amene ife sitikuwaona, timati wapenga, kapena timati ndi chamba. Agogo a zaka 75 akamafunsa nsima pamene angomaliza kumene kudya, timati ndi ukalamba, abwerera ku umwana. Koma agogo omwewo akapezeka m'bandakucha ali pakhomo pa eni ake, nsalu itagwa, osatha kufotokoza kuti afikapo bwanji, chigamulo chimasintha. Pamenepo anthu amati agwa pa ndege ya ufiti, ndipo ena amayamba kutola miyala.

Mayina ndi atatu, koma chiwalo chimene chikudwala ndi chimodzi, ubongo. M'phunziro lino tiona zimene akatswiri apeza atayang'ana mkati mwa mutu: kuti matenda oiwalaiwala, amene achipatala amawatcha dementia, ndi matenda a maganizo amakhudza mbali zina zofanana za ubongo. Mukamvetsa zimenezi mudzaona chifukwa chake matendawa amasokoneza ngakhale madokotala, ndiponso chifukwa chake ena mwa okalamba amene tinawatayira mtima akanatha kuchira.

Mayi wa ku Frankfurt

Mu 1901, m'chipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt ku Germany munagonekedwa mayi wina wa zaka 51, dzina lake Auguste Deter. Vuto lake linayamba ngati nsanje: ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Kenako anayamba kubisa katundu m'nyumba, kukuwa usiku, kuopa kuti anthu akufuna kumuchita choipa, ndi kuiwala zinthu zimene wangouzidwa. Dokotala amene ankamusamalira anali Alois Alzheimer. Mayiyu atamwalira mu 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake ndi makina okulitsa zinthu. Anapeza kuti ubongowo unali utafota, ndipo munali timibulu tachilendo pakati pa maselo ndi tiulusi topiringizana mkati mwa maselowo. Matenda amene lero amatchedwa Alzheimer, omwe ndi mtundu wofala kwambiri wa dementia, anadziwika choncho. Onani kuti wodwala woyambayo anthu anamuona ngati wamisala.

Mkulu wa Alzheimer pantchito mumzinda wa Munich anali Emil Kraepelin. Iyeyu, m'zaka za m'ma 1890, ankaona achinyamata amene amamva mawu, amadzipatula ndi kusiya kudzisamalira, ndipo matenda awo anawatcha dementia praecox, kutanthauza dementia yobwera msanga. Mu 1908 dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anapereka dzina latsopano, schizophrenia, chifukwa anaona kuti si odwala onse amene amapitirira kufooka nzeru. Kuchokera pamenepo matenda awiriwa anayenda njira zosiyana. Dementia inakhala ya madokotala a ubongo ndi mitsempha, schizophrenia ndi anzake anakhala a madokotala a maganizo, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti m'matenda a maganizo ubongo weniweniwo ulibe vuto looneka.

Maganizo amenewa anagwedezeka mu 1976. Eve Johnstone ndi anzake pa chipatala cha Northwick Park ku London anajambula mitu ya odwala schizophrenia ndi makina a CT, omwe anali atangotuluka kumene. Mkati mwa ubongo wa munthu aliyense muli mphako zokhala ndi madzi. Mwa odwalawa mphakozo zinali zokulirapo, chizindikiro chakuti mnofu wozungulira wachepa. Kukula kwa mphako komweko kumaonekanso mwa odwala dementia.

Mlembi wa m'mutu

Ubongo wa munthu wamkulu sufika kilogalamu imodzi ndi theka, koma uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86, olumikizana ngati mizu ya kapinga. Pa mphamvu yonse imene thupi limapeza m'chakudya, gawo limodzi mwa magawo asanu limathera mu ubongo. Mbali iliyonse ili ndi ntchito yake, monga zimakhalira m'komiti ya bungwe lanu.

Tiyambe ndi mlembi. Mkati mwa ubongo, moyang'anizana ndi khutu lililonse, muli kachiwalo kopindika, kotalika ngati chala chaching'ono, kotchedwa hippocampus. Ntchito yake ndi kulemba zatsopano kuti zisungidwe. Matenda a Alzheimer amayambira m'dera limeneli. Mlembi akadwala, mabuku akale amakhalapobe m'bokosi, koma za msonkhano wa lero palibe akulemba. Ndi chifukwa chake agogo amakufotokozerani bwinobwino za njala ya 1949, mayina a anzawo a ku chinamwali ndi nyimbo zonse za kwaya, koma sakumbukira kuti mwawapatsa phala ola lapitalo. Akamati mwawamana chakudya sakunama, ndipo sakufuna kukuchititsani manyazi kwa alendo. M'mutu mwawo nkhani ya phalayo sinalembedwe.

Kachiwalo komweka kamapezekanso kochepa mwa anthu odwala schizophrenia, mwa amene anaona zoopsa ndipo zimawabwererabe m'maganizo, komanso mwa odwala matenda ovutika maganizo amene achipatala amati depression. Apa tisasokoneze. Depression si kukhumudwa kwa tsiku limodzi. Ndi matenda amene munthu amatha masabata awiri kapena kuposa ali wosweka mtima, wosakondwa ndi chilichonse, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, akudziona ngati wopanda pake. Mu 2016 gulu la akatswiri a m'mayiko ambiri lotchedwa ENIGMA linayerekeza zithunzi za ubongo za anthu 1,728 odwala matendawa ndi za anthu 7,199 osadwala. Hippocampus ya odwalawo inali yochepa pang'ono, makamaka mwa amene matendawo anawabwerera kangapo. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amaganizira ndi cortisol, timadzi timene thupi limatulutsa munthu akakhala pa nkhawa kapena pa mantha. Kwa kanthawi kochepa timathandiza. Tikakhala tambiri kwa miyezi ndi zaka, timafooketsa maselo a mlembi uja.

Wapampando akafooka

Mbali yachiwiri ndi yovutirapo kuimvetsa, koma ndi pamene pali kufanana kwakukulu. Nthawi iliyonse ubongo umalandira nkhani zambirimbiri: phokoso la mumsewu, kulira kwa mwana, fungo la ndiwo zikupserera, kugunda kwa mtima, nkhope ya mnzanu imene yasintha. Payenera kukhala wina wosankha kuti pa zonsezi chofunika tsopano lino ndi chiti, monga wapampando amasankhira nkhani yoyamba kukambirana. Ntchito imeneyi imagwiridwa makamaka ndi mbali ziwiri zogwirizana, insula, yobisika m'mbali mwa ubongo, ndi anterior cingulate, imene ili pakati chakutsogolo. Mbali zimenezi zimathandizanso kuti mumve m'thupi mwanu chisoni cha munthu wina ndi manyazi anu omwe. Zimagwira ntchito limodzi ndi ubongo wa pamphumi, umene umatiletsa kuchita chilichonse chimene chatibwerera m'mutu.

Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 193, wokhudza anthu pafupifupi 16,000. Anayang'ana magulu asanu ndi limodzi a matenda: schizophrenia, bipolar imene munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala kopitirira ndi kusweka mtima, depression, matenda a nkhawa, kukodwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndi matenda obwerezabwereza chinthu chimodzi mosaletseka. M'magulu onsewa mnofu unali wochepa pa malo omwewo, insula ya mbali zonse ziwiri ndi anterior cingulate.

Tsono pali mtundu wina wa dementia wotchedwa frontotemporal, umene umayambira ndendende m'malo amenewa. Umakonda kugwira anthu a zaka za pakati pa 45 ndi 65, ndipo poyamba munthu saiwala kwenikweni. Chimene chimasintha ndi khalidwe. Bambo amene anali waulemu amayamba kutukwana pamaliro, kugwira akazi a eni, kutenga zinthu mugolosale osalipira, kudya mosakhuta makamaka zotsekemera. Mayi amene anali wachifundo amaona mdzukulu wagwa n'kungodutsa. Achibale amati wayamba kunyada, wayamba chiwerewere, kapena wadyetsedwa mankhwala. Ngakhale m'mayiko olemera, pafupifupi theka la odwala mtundu umenewu amayamba auzidwa kuti ali ndi matenda a maganizo, dzina lenileni la matenda awo lisanadziwike.

Mu 2022 akatswiri a ku Munich, mzinda wa Kraepelin uja, anaphunzitsa kompyuta kuzindikira maonekedwe a ubongo wa odwala frontotemporal, kenako anaionetsa zithunzi za odwala matenda a maganizo. Pa odwala schizophrenia 10 alionse, pafupifupi 4 ubongo wawo unaoneka wofanana ndi wa dementia imeneyi. Pa odwala depression anali pafupifupi 2 pa 10. Mwina mkulu uja sanaphonye kwenikweni pamene anasankha dzina lake loyamba.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa nkhani ngati izi zimakula zikamayenda pakamwa. Kufanana si kukhala chinthu chimodzi. Mu Alzheimer ndi frontotemporal maselo amafa, ndipo matenda amapitirira chaka ndi chaka. Mu depression ndi schizophrenia chimene chimachepa kwambiri ndi timizu tolumikiza maselo, kusiyana kwake ndi kochepa, ndipo anthu ambiri amapeza bwino akalandira chithandizo. Mu kafukufuku wa ENIGMA uja kusiyana kunali kongopitirira pang'ono gawo limodzi pa 100. Kusiyana kotere kumaoneka poyerekeza anthu masauzande, osati pa chithunzi cha munthu mmodzi. Choncho musagulitse mbuzi kuti mukajambulitse mwana wanu pa MRI pofuna kudziwa ngati ali ndi depression. Dokotala amaitanitsa chithunzi akamakayikira chotupa, sitiroko kapena magazi oundana m'mutu. Matenda a maganizo amadziwika pofunsa ndi pomvetsera.

Ngalande zikatsekeka

Pali chinthu china chimene chimalumikiza matenda awiriwa, ndipo kwathu kuno ndi chimene tingachitepo kanthu msanga. Ubongo uli ngati dimba lothirira. Mitsempha ing'onoing'ono ya magazi ndiyo ngalande zake. Matenda othamanga magazi, amene timangoti BP, pamodzi ndi shuga ndi fodya, amaumitsa ndi kutseka timitsempha timeneti pang'onopang'ono. Munthu sagwa, pakamwa sipapindika, koma timagawo ta ubongo timauma mwakachetechete, makamaka njira zolumikiza pamphumi ndi mbali za mkati. Zotsatira zake zimatha kukhala dementia ya mitsempha ya magazi, imene ndi yachiwiri kufala. Zimathanso kukhala depression yoyamba ku ukalamba mwa munthu amene sanadwalepo maganizo. Kawirikawiri zimabwera zonse ziwiri. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa.

Ku Denmark, kumene boma limasunga mbiri ya chipatala ya nzika iliyonse, akatswiri anapeza kuti anthu amene anadwalapo depression amadzadwala dementia mowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sanadwalepo, ndipo kwa odwala schizophrenia ndi chimodzimodzi. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wovutika maganizo adzaiwala. Ambiri sadzatero. Koma mu 2024 bungwe la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linaika depression pakati pa zinthu 14 zimene zikanapewedwa kapena kuchizidwa, dementia ikanachepa kapena kuchedwa ndi pafupifupi 45 pa 100. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, kusamva ndi kusaona bwino kosathandizidwa, mpweya woipa, kukhala wekhawekha, ndi kusapita patali ndi sukulu. Mukamalimbikitsa mtsikana kuti amalize sukulu, kapena mukaperekeza agogo kukachotsa ng'ala m'maso, mukutetezanso ubongo.

Kodi ndi kuiwala kapena ndi kusweka mtima?

Funso ili ndi limene ndikufuna mulitenge popita kukayendera odwala m'miphakati yanu. Popeza mlembi ndi wapampando amafooka m'matenda onse awiri, wokalamba wodwala depression amatha kuoneka ngati wa dementia. Amaiwala, amayankha mochedwa, amasiya kusamba, amangokhala pakhonde. Kusiyana kwake ndi kwakuti depression imachizika, ngakhale munthu ali ndi zaka 80.

Pali zizindikiro zothandiza, ngakhale sizigwira nthawi zonse. Depression imayamba m'masabata kapena m'miyezi yochepa, nthawi zambiri pambuyo pa maliro, matenda kapena kusamuka kwa ana, ndipo achibale amatha kutchula nthawi imene zinayamba. Wodwalayo amadandaula yekha kuti mutu wake sukugwira, ndipo mukamufunsa funso amangoti sakudziwa, osayesa n'komwe. Dementia imakwawa kwa zaka. Wodwalayo nthawi zambiri saona vuto, amayesa kuyankha koma amaphonya, kapena amazemba funso ndi nthabwala, kapena amatembenukira kwa mwana wake kuti amuyankhire. Amene amadandaula ndi achibale. Wokalamba akamanena kuti bola kufa, kapena kuti akungolemetsa ana, musazitenge ngati zoyankhula za nkhalamba. Mufunseni mofatsa ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pafupi, ndipo mupite naye kuchipatala.

Palinso kusokonezeka kwa mtundu wachitatu, kumene kumabwera mwadzidzidzi. Munthu anali bwino dzana, lero sakudziwa pamene ali, akuona zinthu pakhoma, akugona ndi kudzidzimuka, masana ali bwinoko usiku zafika poipa. Kumeneku si dementia ndipo si misala. Ndi thupi limene likudwala: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena wokwera kwambiri, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena kusiya mowa mwadzidzidzi. Wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Matenda ena amafooketsa ubongo pang'onopang'ono koma ali ndi mankhwala. HIV yosalandira ma ARV imatha kubweretsa kuiwala ndi kuchedwa kuganiza. Chindoko chimene sichinachizidwe chimatha kukwera ku ubongo patapita zaka zambiri. Chithokomiro chofooka ndi kuchepa kwa vitamini B12 zimachita chimodzimodzi. Kwa ife odalira chimanga palinso pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini B3: khungu limada ndi kusweka m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi kunja kwa manja, munthu amatsekula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Amaoneka kwambiri m'miyezi ya njala ndi mwa omwa kachasu. Mtedza, nsomba, nyama ndi mankhwala a vitaminiyo zimabweza munthu amene mudzi unali utamutcha kale wamisala.

Ndi chifukwa chake dzina lenileni la matenda ndi lofunika, ndipo kugawana mankhwala ndi koopsa. Mapiritsi monga chlorpromazine ndi haloperidol amathandiza kwambiri mnyamata wodwala schizophrenia. Mukawatenga n'kupatsa agogo a dementia kuti agone usiku, angawaumitse thupi, kuwagwetsa, ngakhale kuwonjezera ngozi ya sitiroko ndi imfa. Kwa odwala dementia ya mtundu wa Lewy, amene amaona anthu kapena tinyama tosaoneka kwa ena, mankhwala amenewa ndi oopsa koposa. Dokotala yekha ndiye angaone ngati akufunika, ndi mlingo wake.

Popita kuchipatala

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa mamiliyoni 55 ali ndi dementia, ndipo oposa 60 pa 100 ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Likutinso pa maola onse osamalira odwalawa, 70 pa 100 amagwiridwa ndi akazi. Inu mukudziwa kale zimenezi popanda kuuzidwa ndi Geneva. Chimene mwina sitichiganizira ndi chakuti wosamalirayo, amene sagona, sapita kumunda, sapezekanso kumisonkhano ya bungwe, ali pa ngozi yaikulu ya depression. Mnzanu akasowa kwa miyezi itatu chifukwa akusamalira apongozi, musamulembe m'buku la ojomba. Gawanani masiku, wina akakhale ndi agogowo masana amodzi kuti iye apume kapena akayezetse BP yake.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu kapena cha boma lanu, ndipo funsani namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Woperekeza akhale munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku, chifukwa nkhani yake ndiyo sikani imene dokotala amadalira. Akonzekere kunena kuti zinayamba liti, zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, chinayamba ndi kuiwala kapena kusintha khalidwe, wodwalayo anagwapo kapena kumenyedwa m'mutu, amamwa mowa wochuluka bwanji. Atenge buku la kuchipatala ndi mankhwala onse a m'nyumba, a zitsamba omwe. Apemphe kuti ayezedwe BP, shuga, magazi, HIV ndi chindoko, ndipo asachite manyazi chifukwa wodwalayo ndi wokalamba.

Dokotala akanena kuti ndi dementia, mankhwala ochiziratu palibe, koma ntchito ilipo. Musakangane nawo agogo akamafuna kupita kwa amayi awo amene anamwalira kalekale. Afunseni za amayiwo, yendani nawo pang'ono, kenako muwabweze ndi nkhani ina. Asiyireni ntchito zimene manja awo akuzikumbukira, monga kusenda mtedza, kutongola chimanga ndi kupeta. Madzulo ndi pamene ambiri amasokonezeka kwambiri, choncho nyali iyake msanga ndipo chitseko chikhale ndi kabelu kapena chitini cholira chikatsegulidwa.

Za kuyenda usiku musadikire kuti zichitike. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawanamizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Pamene okalamba akukayikiridwa chotere, agogo osochera amene sangathe kudzifotokozera ali pa ngozi yaikulu, ndipo akafunsidwa mwaukali amatha kuvomera chilichonse. Lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pitani kwa amfumu awiri kapena atatu a inu, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, mukanene agogowo asanasochere kuti akudwala ubongo ndipo achipatala atsimikiza. Uzani oyandikana nawo, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi anyamata a kabaza. Sokererani pa bulauzi kapena pa jekete imene amakonda kuvala kansalu kolembedwa dzina lawo, mudzi wawo ndi nambala ya foni ya mwana wawo, ndipo mulembe ndi inki yosachoka pochapa.